Golide wa Chikaiko

Ine ndimaswa miyala m'munsi mwa phiri la Soche.
Hamala yanga ili pa mpini wachitatu chaka chino.
Ndikatsitsira wilibala ya kwale kumsewu,
wogula amayamba wanyoza kukula kwa miyala
asanapise dzanja m'thumba.

Mwana wanga Chikaiko nayenso amaswa miyala,
amatero mwini wake.
Amaswa ndi chala chachikulu, atagona chagada pamphasa,
foni yong'aluka galasi ili pamphuno.
Akuti m'menemo muli phiri,
m'phirimo muli mgodi,
mumgodimo muli golide wosadetsa m'manja.

Ndinati ndione.
Anandionetsa kamunthu kovala chisoti chanyanga,
kakukhoma thanthwe, kho! kho! kho!
osapukuta thukuta, osapempha madzi.
"Ameneyu ndine, bambo."
Ndinati iwe unabadwira ku Gulupu ine ndili pakhonde,
nyangazo sindinazione.

Wogula ali kutsidya kwa nyanja zamchere,
kumene amazimitsa nyali kuno kukamacha.
Ndi munthu wa ntchito zake, alibe nthawi yokumba,
koma mtima uli pa lupanga lowala ndi hatchi yamapiko.
Ndiye walemba ganyu mwana wanga
m'dziko lopanda poponda phazi.

Loweruka lina foni inalira kawiri.
Tinatsika tonse kwa Kamba,
pa kathebulo ka Nankhoma, pansi pa ambulera yosuluka.
Mayiyo ananyowetsa chala n'kuyamba kuwerenga
makwacha enieni, onunkha usipa ndi parafini,
ena omata ndi selotepi pakati.
Ndinawagwira. Ndinawapenyetsetsa padzuwa.
Anali mawilibala anga asanu ndi awiri,
obwera popanda fumbi.

Tinagula thumba la makala, mayunitsi a magetsi,
nsapato za sukulu za mlongo wake.
Alandilodi anasiya kutsokomola pakhomo pathu.
Usiku umenewo ndinayang'ana zikhatho zanga nthawi yaitali,
ming'alu yake, chikhadabo chakuda chija,
osadziwa kuti ndikondwe kapena nditani.

Mu Okutobala magetsi anathima masiku atatu,
mgodi unagona.
Pomwe ankayaka, mtengo unali utagwa:
akuti anyamata a dziko lina alowetsa makina osagona tulo,
golide wachuluka ngati matimati a mu Limbe tsiku loipa msika.
Ndinaseka mpaka kutsamwa.
Kani ndi kumeneko komwe ndalama imagwa mphamvu?
Ine ndinkayesa ndi nthenda ya kwacha yokha.

Lachiwiri lapitali eni phirilo anatseka chipata.
Kalata yachingerezi, mizere itatu basi:
wagulitsa zosagulitsa.
Golideyo ndi wathu, phiri ndi lathu,
ndi kamunthu kanyanga komwe n'kathu.
Miyezi isanu ndi inayi ya kho! kho! kho!
inapita osasiya ngakhale kachidutswa koti titole.
Kupolisi ukanene kuti chiyani?
Akubera chiyani, chooneka bwanji, unachisiya pati?

Chikaiko sanadye.
M'mawa ndinam'peza atakhala pa mulu wanga wa miyala,
akutembenuza umodzi m'manja ngati akuuyesa kulemera.
Ndinam'patsa hamala yaing'ono.
Anamenya kanayi, kasanu, matuza anatuluka,
anaiika pansi.
Sindinam'dzudzule.
Nanenso a khonsolo anandipezapo ndi mapepala
kudzandiuza kuti phiri lino si langa.

Tsopano ndi usiku.
Agalu a ku Chilobwe akuyankhana.
Kuseri kwa katani
kuwala kuja kwayambanso kuvina pa malata.
Waumba kamunthu kena, dzina lina,
kopanda chisoti, kopanda nsapato,
kakuyamba ndi manjamanja.
Ndikumva kho, kho, chapansipansi, kuopa kundidzutsa.
Ine ndagona cham'mbali, msana ukuyaka,
maso ali gwa mumdima,
ndikuwerenga naye.